MZINDA WOMANGIDWA PA BUSA LA NG'OMBE: PHUNZIRO LOCHOKERA KU LAKEWOOD

Mau oyamba

M'phunziro lino tikambirana za malo otchedwa Lakewood, amene ali m'dera la California m'dziko la America, kumwera cha kum'mawa kwa mzinda waukulu wa Los Angeles. Kale malowa adali busa la ng'ombe ndi nkhosa. Pambuyo pake adasanduka minda, ndipo m'zaka zitatu zokha minda ija idasanduka mudzi wa nyumba zikwizikwi. Anthu amene adalowa m'nyumbazo sankadziwana. Adalibe mfumu, adalibe khonsolo, ndipo adalibe manda a makolo oti nkuwalumikiza. Komabe adayenera kuyankha mafunso amene anthu onse okhala pamodzi amakumana nawo: Kodi atilamulire ndani? Msonkho wathu upite kuti? Ndani ali ndi ufulu wokhala nafe?

Tasankha nkhaniyi chifukwa ili ndi mbali ziwiri. Pali zimene anthuwa adachita bwino, palinso zimene zidalakwika. Tiyeni tione mbali zonse ziwiri.

1. Eni nthaka oyamba

Azungu asadafike, m'dera lonse lozungulira Los Angeles munkakhala anthu a mtundu wa Tongva. Ankakhala m'midzi m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja, namadya nsomba, nyama zam'tchire ndi zipatso za m'mitengo. M'chaka cha 1771 amishoni ochokera ku Spain adatsegula mishoni ya San Gabriel. Atongva ambiri adasonkhanitsidwa pa mishonipo, nabatizidwa ndi kumagwira ntchito m'minda ndi m'makola. Ambiri a iwo adafa ndi matenda achilendo amene adabwera ndi azungu, ndipo midzi yawo idapasuka. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, koma nthaka ya makolo awo idapita m'manja mwa ena.

M'chaka cha 1784 bwanamkubwa wa ku Spain, Pedro Fages, adapatsa msilikali wina dzina lake Manuel Nieto chilolezo chodyetsa ng'ombe pa malo okwana pafupifupi maekala 300,000. Amishoni a ku San Gabriel adadandaula kuti malo ena adali awo, ndipo malo a Nieto adachepetsedwa kufika pa maekala pafupifupi 167,000. Tionetsetse apa: mkangano udali pakati pa msilikali ndi mishoni. Atongva, amene adali pa malowo kuyambira kalekale, sadawerengedwe monga eni ake.

2. Nthawi ya ng'ombe, nkhosa ndi minda

Nieto adamwalira m'chaka cha 1804. M'chaka cha 1834, dera la California lili pansi pa dziko la Mexico, malo ake adagawidwa kwa a m'banja lake. Gawo limodzi, la maekala 27,000, lidatchedwa Rancho Los Cerritos, kutanthauza kuti busa la timapiri, ndipo lidapita kwa mwana wake wamkazi, Manuela Cota. Mbali yaikulu ya Lakewood wa lero ili pa gawo limeneli.

M'chaka cha 1843 munthu wamalonda wochokera ku Massachusetts, John Temple, adagula busali, ndipo chaka chotsatira adamangapo nyumba yaikulu ya zidina, imene ikadalipo ku Long Beach monga malo osungirako mbiri. Temple ankaweta ng'ombe zikwizikwi. Phindu lalikulu lidali pa zikopa ndi mafuta a ng'ombe, zimene ankagulitsa kwa eni zombo. M'chaka cha 1848 California idalowa m'manja mwa dziko la America. Kenaka kudagwa chilala choopsa m'zaka za 1863 ndi 1864, ndipo ng'ombe zambiri zidafa ndi njala. M'chaka cha 1866 Temple adagulitsa busa lonse kwa kampani ya Flint, Bixby & Co. pa mtengo wa madola 20,000. A banja la Bixby adasiya ng'ombe nayamba nkhosa, mpaka zidafika pafupifupi 30,000.

M'chaka cha 1897 gawo lina la busali lidagulidwa ndi William A. Clark, munthu wolemera chifukwa cha migodi ya kopa ku Montana. Pa malowo adayamba kulimapo nyemba ndi mbewu ina ya mizu imene amafinya kuti apeze shuga, monga timachitira ndi nzimbe. Kwa zaka zoposa 150 malo aakulu chotere adakhala m'manja mwa anthu owerengeka. Ogwira ntchito ankabwera ndi kupita, koma adalibe gawo pa nthakayo.

3. Nyumba 17,500 m'zaka zitatu

Chimene chidasintha zinthu ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'chaka cha 1941 kampani yopanga ndege ya Douglas idatsegula fakitale yaikulu ku Long Beach, pafupi ndi minda ija. Anthu adakhamukira kumeneko kukafuna ntchito. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, asilikali adabwerera kwawo, nakwatira, koma nyumba zidasowa. Boma la America lidali litakhazikitsa lamulo lotchedwa GI Bill m'chaka cha 1944, limene lidatsimikizira obwereketsa ndalama kuti msilikali wakale akalephera kubweza ngongole ya nyumba, boma lidzalipira gawo lina. Chifukwa cha lamuloli msilikali wakale ankatha kulowa m'nyumba yatsopano osapereka ndalama yoyambira, namabweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Pofika chaka cha 1950 anthu atatu amalonda, Louis Boyar, Mark Taper ndi Ben Weingart, adali atagula maekala pafupifupi 3,400 a minda ija pa mtengo wa madola pafupifupi 9 miliyoni. Kuyambira 1950 mpaka 1953 adamanga nyumba zokwana 17,500. Kodi adatha bwanji? Ntchito adaigawa monga m'fakitale. Gulu lina la amisiri linkakumba maziko okhaokha, lina kuthira simenti, lina kuimika matabwa, lina kufolera denga. Gulu likamaliza pa nyumba imodzi linkasunthira pa yotsatira. Mwa njira imeneyi ankamaliza nyumba pafupifupi 50 pa tsiku.

Poloti iliyonse idali pafupifupi mamita 15 m'lifupi ndi mamita 30 m'litali. Nyumba idali ya zipinda zogona ziwiri kapena zitatu, ndipo mtengo wake udali pakati pa madola 7,500 ndi 9,000. Misewu idajambulidwa yoongoka, yokumana ngati mizere ya m'kope la masamu, ndipo patsogolo pa nyumba iliyonse adadzalapo mtengo. Pakati pa mudziwo adasiya malo a msika waukulu wa masitolo wotchedwa Lakewood Center, umene sitolo yake yaikulu idatsegulidwa m'chaka cha 1952. Msikawu tiukumbukire, chifukwa ubweranso m'nkhani yathu.

4. Alendo okhaokha asanduka anansi

Amene adagula nyumbazi ambiri adali mabanja achinyamata a anthu ogwira ntchito za manja: opanga ndege, ogwira ntchito ku doko la zombo zankhondo, akalaliki ndi amisiri. Ambiri adachokera m'madera akutali a dzikolo, kusiya makolo ndi abale kumbuyo. Ana adabadwa ambirimbiri pa nthawi imodzi. Agogo oti nkulera ana padalibe, choncho amayi oyandikana nyumba ankasinthana kuyang'anira ana ndi kuthandizana pa matenda.

Chinthu chimene chidalumikiza anthu kwambiri ndi mabwalo a masewera. Makolo adadzipereka kuphunzitsa ana masewera popanda malipiro, ndipo pa mabwalo pomwepo mpamene abambo ndi amayi adayamba kudziwana maina ndi kukambirana mavuto a m'dera lawo. Matchalitchi a mipingo yosiyanasiyana, masunagoge ndi makomiti a makolo a pa sukulu adakhalanso malo okumanirana. Padalinso chikondwerero cha chaka ndi chaka chokumbukira ubale wa maiko a ku America, chimene chidayambika m'zaka za m'ma 1940 ndi anthu awiri oyandikana nyumba, wina mphunzitsi, wina wochokera ku Bolivia. Chikondwererochi chimachitikira pa bwalo la Mayfair Park m'mwezi wa Meyi.

Izi zingaoneke ngati zazing'ono, koma ndizo zidakonza njira ya zimene zidatsatira. Munthu amene mwakhala naye mu komiti ya masewera a ana ndi amene mumamukhulupirira akabwera pakhomo ndi pepala loti musaine. Paja akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

5. Kodi atilamulire ndani?

Poyamba Lakewood sudali mzinda pamaso pa lamulo. Udali pansi pa boma la chigawo cha Los Angeles, chimene kumeneko amati county. Chigawo chonsecho, cha anthu mamiliyoni, chinkayendetsedwa ndi akuluakulu asanu okha osankhidwa, okhala kutali mu mzinda wa Los Angeles.

Mzinda woyandikana nawo wa Long Beach, umene udali wolemera ndi ndalama za mafuta a pansi pa nthaka, udafuna kumeza Lakewood pamodzi ndi msika uja. M'chaka cha 1953 udayamba kuchita zimenezi chigawochigawo. Dera lina lakale lotchedwa Lakewood Village lidalowadi mu Long Beach, ndipo lili komweko mpaka lero. M'madera ena eni nyumba adayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa maina a okana, monga lamulo linkalolera, ndipo ntchito yomeza ija idaima.

Anthu adali ndi njira zitatu patsogolo pawo:

(a) Kukhalabe pansi pa chigawo. Msonkho ukadakhala wochepa, koma mau awo sakadamveka, ndipo Long Beach akadabweranso.

(b) Kulowa mu Long Beach. Akadalandira chithandizo cha mzinda wokhazikika kale, koma akadakhala gawo laling'ono la mzinda wa eni ake.

(c) Kukhala mzinda paokha. Akadasankha makhansala awoawo, koma ankaopa mtengo wake. Mzinda watsopano umafunika apolisi, ozimitsa moto, okonza misewu, magalimoto ndi maofesi. Zonsezi zikadatuluka m'matumba mwa mabanja amene adali kale ndi ngongole za nyumba.

6. Nzeru ya kontrakiti

Loya wachinyamata wokhala m'dera lomwelo, John Sanford Todd, adabwera ndi ganizo lachinayi. Iye adati mzinda ungathe kukhala ndi khonsolo yakeyake, yopanga malamulo ndi kugawa ndalama, koma osalemba ntchito apolisi kapena kugula mathirakitala okonzera misewu. M'malo mwake khonsoloyo isainirane kontrakiti ndi boma la chigawo, limene lidali kale ndi antchito ndi zipangizo, ndi kumalipira ntchito iliyonse pa mtengo wogwirizana. Akuluakulu a chigawo adavomera, chifukwa mwa njira imeneyi antchito awo sakadachotsedwa ntchito m'deralo.

Pa 9 Marichi 1954 anthu adaponya voti, ndipo ambiri adavomera. Pa 16 Epulo 1954 Lakewood udakhala mzinda. Adasankha makhansala asanu, ndipo meya woyamba adali Angelo Iacoboni. Njirayi idatchedwa Lakewood Plan. Kayendedwe kake nkotere:

Anthu amasankha makhansala. Makhansala amasankha mmodzi mwa iwo kukhala meya, ndipo amalemba ntchito mkulu woyendetsa maofesi a mzinda. Khonsolo imaganiza kuchuluka kwa chitetezo kapena ntchito ina imene ikufunika, ndi kuigula kwa amene angaigwire. Apolisi amachokera kwa mkulu wa apolisi a chigawo, wotchedwa sheriff. Ozimitsa moto ndi nyumba zowerengeramo mabuku nazonso ndi za chigawo. Ntchito zina, monga kuchotsa zinyalala, zimaperekedwa kwa makampani. Koma mabwalo a masewera, amene anthu ankawakonda kwambiri, mzindawo udawasunga m'manja mwake.

Nanga ndalama zinkachokera kuti? Kuyambira chaka cha 1956 lamulo la California lidalola kuti pa madola 100 aliwonse a malonda ogulitsidwa mu mzinda, dola imodzi ya msonkho ibwerere ku khonsolo ya mzindawo. Apa mpamene msika wa Lakewood Center udakhala ng'ombe yamkaka ya mzindawu. Anthu ochokera m'mizinda ina akabwera kudzagula, ankathandiza kulipira apolisi ndi mabwalo a Lakewood.

7. Ubwino ndi zovuta za njirayi

Njirayi idafalikira msanga. M'zaka zochepa midzi yambiri ya m'chigawo cha Los Angeles idasanduka mizinda potsata chitsanzo chomwechi. Lero chigawocho chili ndi mizinda 88, ndipo pafupifupi theka la mizindayi imagula chitetezo kwa sheriff.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Anthu wamba adapeza boma lapafupi, la makhansala amene amakumana nawo ku sitolo ndi ku bwalo la masewera, popanda kusenza msonkho wolemera.

Koma zovuta ziliponso. Choyamba, khonsolo siyiika malipiro a apolisi amene imawagula, ndipo mtengo ukakwera iyenera kulipira kapena kuchepetsa chitetezo. Chachiwiri, wapolisi akalakwa, bwana wake weniweni si khonsolo koma sheriff, amene amasankhidwa ndi chigawo chonse. Munthu wodandaula ayenera kudziwa khomo loyenera kugogodapo. Chachitatu, katswiri wina wa za ndale, Gary Miller, m'buku lake la m'chaka cha 1981 lotchedwa Cities by Contract, adaonetsa kuti njirayi idathandiza madera opezako bwino kudzipatula ndi kusunga msonkho wawo, pamene madera osauka adatsala ndi mavuto ambiri ndi ndalama zochepa. Mwachitsanzo, m'chaka cha 1957 kudabadwa mzinda wotchedwa City of Industry, wodzaza ndi mafakitale koma wokhala ndi anthu ochepa kwambiri. Choncho kudzilamulira kwa dera limodzi kungathe kukhala mtolo kwa dera loyandikana nalo.

8. Amene adatsekeredwa kunja

Mbali iyi ndi yowawa, koma sitingaidumphe. Nyumba za mtengo wabwino zija sizidagulitsidwe kwa aliyense. M'madera ambiri a ku America mapepala a umwini wa nyumba ankakhala ndi mau oletsa kugulitsa nyumba kwa anthu akuda ndi a mitundu ina. M'chaka cha 1948 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti makhoti asakakamize anthu kutsata mau otere. Komabe ogulitsa nyumba ndi obwereketsa ndalama adapitiriza tsankho mwakachetechete. Msilikali wakuda amene adamenya nawo nkhondo imodzimodziyo ankabwezedwa pakhomo. Kalembera wa m'chaka cha 1960 adapeza anthu oposa 67,000 mu Lakewood, koma anthu akuda sadakwane ngakhale khumi.

M'chaka cha 1963 nyumba ya malamulo ya California idakhazikitsa lamulo loletsa tsankho pa nkhani ya nyumba. Chaka chotsatira, 1964, anthu a m'dera lonse la California adaponya voti, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adavomera kuti lamulolo lithe mphamvu. Koma makhoti adakana zotsatira za votiyo, ndipo m'chaka cha 1967 khoti lalikulu la dziko lonse lidatsimikiza kuti inkaphwanya malamulo aakulu a dziko. M'chaka cha 1968 kudabwera lamulo la dziko lonse loletsa tsankho pogulitsa kapena kubwereketsa nyumba.

Apa pali phunziro lalikulu la demokalase. Ambiri akagwirizana, sindiye kuti chimene agwirizanacho ncholungama. Voti ili ndi malire, ndipo malirewo ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense. Nchifukwa chake dziko limafunika malamulo aakulu ndi makhoti oima paokha.

Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Kalembera wa m'chaka cha 2020 adapeza anthu oposa 82,000 mu Lakewood, ndipo palibe mtundu umodzi umene udaposa theka. Muli anthu ochokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Chisipanishi, azungu, anthu ochokera ku Asia ndi anthu akuda. Koma mabanja amene adakanizidwa m'chaka cha 1950 adataya mwayi wosiyira ana awo nyumba imene mtengo wake udakwera kambirimbiri. Madzi akatayika saoleka.

9. Pamene ntchito zidachepa

Mudzi womangidwa chifukwa cha fakitale umagwedezeka fakitaleyo ikagwedezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma la America lidachepetsa ndalama zogulira zida zankhondo, ndipo anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito pa fakitale ya ndege ija. Doko lokonzerapo zombo zankhondo ku Long Beach lidatsekedwa m'chaka cha 1997. Chaka chomwecho kampani ya McDonnell Douglas idalowa mu kampani ya Boeing, ndipo kupanga ndege zikuluzikulu ku Long Beach kudatheratu m'chaka cha 2015.

Ndalama za khonsolo nazonso zidakumana ndi mavuto. M'chaka cha 1978 anthu a ku California adavomera lamulo lotchedwa Proposition 13, limene lidachepetsa msonkho wa pa nyumba ndi malo. Mizinda idayamba kudalira kwambiri msonkho wa pa malonda, umene umatsika malonda akatsika. Mu Marichi 2020 khonsolo ya Lakewood idafunsa anthu pa voti ngati angalole kuonjezera msonkho wa pa malonda kuti ntchito za mzinda zisaime, ndipo ambiri adavomera. Tione kuti msonkhowo sudangogwa kuchokera kumwamba. Anthu adafunsidwa, adauzidwa chifukwa chake, ndipo adayankha.

Wolemba wina wobadwira komweko, D. J. Waldie, amene adagwira ntchito ku khonsolo ya mzindawu kwa zaka zambiri, adasindikiza buku lotchedwa Holy Land m'chaka cha 1996. M'bukuli adafotokoza mbiri ya mudziwu, zabwino ndi zoipa zomwe, ndi moyo wa anthu wamba okhala m'nyumba zofanana.

10. Mfundo zoti tisunge

Choyamba, malo aliwonse ali ndi mbiri. Tisanakangane za poloti kapena malire, tidziwe amene adalipo kale ndi mmene nthakayo idasinthira manja.

Chachiwiri, nyumba zambiri pamodzi sindiwo mudzi. Mudzi umayamba pamene anthu adziwana ndi kugwirira ntchito limodzi pa zinthu zazing'ono.

Chachitatu, kudziwa lamulo ndi mphamvu. Anthu a ku Lakewood adapambana chifukwa adadziwa kuti lamulo likuwalola kukana, ndipo adayenda khomo ndi khomo nthawi isadathe.

Chachinayi, boma lapafupi liyenera kukhala ndi gwero la ndalama lodziwika, ndipo nzika ziyenera kudziwa kumene ndalamazo zikupita. Ntchito ikaperekedwa kwa kontrakitala, udindo woyankha kwa anthu umakhalabe pa amene tidawasankha.

Chachisanu, pamene tikuteteza dera lathu, tidzifunse kuti ndani watsala kunja kwa mpanda.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi malo amene tikukhalapo adali a yani zaka 100 zapitazo? Ndani pakati pathu angatifotokozere mbiri yake?

2. Pa njira zitatu zimene zidali patsogolo pa anthu a ku Lakewood m'chaka cha 1953, ife tikadasankha iti? Chifukwa chiyani?

3. Kodi khansala wa dera lathu timamudziwa? Tidapitako ku msonkhano wake? Ndalama za msika wathu zimapita kuti?

4. Msewu, mjigo kapena mlatho ukamangidwa molakwika ndi kontrakitala, timakadandaula kwa yani?

5. Tchulani nkhani imene anthu ambiri angagwirizane koma nkukhala yopondereza ochepa. Ndani angateteze ochepawo?

6. Kodi m'dera lathu alipo anthu amene amakanizidwa malo kapena nyumba chifukwa cha mtundu wawo, chipani chawo, chipembedzo chawo kapena umasiye? Gulu lathu lingachitepo chiyani mwezi uno?

Mlembi wa gulu alembe mayankho, ndipo gulu ligwirizane chinthu chimodzi choti lichite lisanakumanenso.